Nkhope Ndinkasiyira Saliba

Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndasema mitanda
m'chipinda chapansi cha Saliba ku Beit Sahour,
kumunsi kwa Betelehemu, kumene mabasi a alendo amatembenukira.
Mtengo wa azitona ukalawa tchizulo
umatulutsa fungo losachoka m'malaya.
Ine Taysir, wogunditsa chipumi pansi kasanu pa tsiku,
nthiti ndimazidziwa kuwerenga kwake,
mabondo, mitsempha ya kuphazi, timisomali tamkuwa.
Nkhope ayi. Nkhope ndinkasiyira Saliba.

Iye ankati: Anafa Lachisanu dzuwa litapendeka,
mayi ake ali chilili poteropo.
Ine ndinkati: Isa mwana wa Mariamu sanaphedwe,
Mulungu saponyera agalu mneneri wake;
anthu anaona womufanana, mwiniwake atakwezedwa.
Tikatero tinkamwa khofi wowawa wa Widad
utuchi uli mbuu m'ndevu.

Chaka china zilolezo zitatuluka
tinadutsa pachipata cha asilikali, ulendo wa ku Yerusalemu,
kunyumba yosungiramo zakale.
M'kabokosi kagalasi munali fupa la chidendene,
msomali utalibowola, nsonga yake yopindika.
Taona, anatero, chala chake chikudetsa galasi.
Ndinayang'ana mpaka phazi langa linayamba kuwawa m'nsapato.
Pakapepala panali dzina la munthu wina.
Aroma ankakhomadi anthu, ndinatero, sindinakanepo.
Koma uyu ndi wina, Saliba.
Nanenso paja ndimati anali wina.

Anasunga yankho mpaka m'basi.
Nanga mlembi wa Chiroma uja, wonyansidwa ndi Akhristu,
amene analemba kuti kazembe anamupha?
Bodza likanamupindulira chiyani?
Ndipo ndani angadzipekere Mbuye
wofa imfa ya kapolo, wamaliseche m'mbali mwa msewu?
Funso limeneli linali lolemera, sindinama.
Ndinalisenza mpaka kunyumba, ndinagona nalo,
m'mawa ndinakalitula pa benchi yake:
Alembiwo analemba zimene maso anaona,
ine ndikunena zimene maso anabisiridwa.
Anaseka mpaka kutsamwa.
Ndiye iwe umboni sudzakupeza, ngakhale utakugogodera!
Ndinati: Nawenso likafika Lamulungu lako lija la manda apululu,
mlembi wa Chiroma umamusiya panja ngati nsapato.
Sanandilankhule mpaka masana.

Chaka chino dzanja lake layamba kunjenjemera.
Sabata yatha anaononga mitu itatu,
wina mphuno inathothokeratu.
Wogula wa ku Poland akudikira mitanda makumi anayi Pasaka isanafike.
Lolemba anandikankhira kampeni kake
maso ali kukhoma.

Ndinasema usiku unayi, chitseko chotseka,
shehe wakwathu angamve;
za nthiti zomwe amandidzudzula kale.
Nkhope ya amene anapachikidwa sindiidziwa,
dzina lake palibe anandiuza.
Manja anangolowera kumene maso anazolowera:
chipumi chotakata,
diso lamanzere lotsika pang'ono,
chipsera cha pachibwano chimene macheka anasiya
chaka chimene mwana wake woyamba anabadwa.
Ndinazindikira ndili pa mutu wachisanu ndi chiwiri.
Kubwerera kunali kutatalika.

Lachisanu Widad anatsika ndi khofi.
Anatola umodzi, anauzunguza pawindo,
osanena kanthu anaulowetsa m'thumba la epuloni.
Saliba anavala magalasi,
anayenda ndi chala pa otsalawo, umodziumodzi, mochedwa,
ngati wofufuza m'bale wake pamndandanda wa ovulala.

Mphuno wakulitsa, anatero.
Ndi mmene ilili, ndinatero.
Anakhala chete, kenako:
Ndiye pamapeto pake wavomera kuti pamtandapo panali munthu.
Zimenezo sindinakanepo, Saliba.

Anandipatsira nyuzipepala zakale.
Tinayamba kukulunga.
Unaperewera umodzi, ndipo tonse awiri
tinawerenga makumi anayi.